Masaizi a zovala za amayi pa misika ya ku Lilongwe

Saizi ya chovala ndi nambala kapena chilembo chosokedwa pakansalu ka kukolala kapena m'chiuno, chosonyeza thupi limene chovalacho anasokera. Pa zovala za amayi palibe muyeso umodzi wogwirizana dziko lonse. Vutoli limaonekera kwambiri mu Lilongwe, poti katundu wa m'mashopu a ku Area 3 ndi Old Town, wa m'masitolo a DAPP ndi wa kaunjika wa pa msika wa Tsoka amachokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo dziko lililonse limawerenga mwa njira yake.

Diresi yolembedwa 12 ku Britain imayandikana ndi 8 ya ku America, 40 ya ku France, 38 ya ku Germany ndi 44 ya ku Italy. Ku South Africa amagwiritsa ntchito mawerengedwe awiri, kotero 12 yomweyo imalembedwanso 36. Zovala zambiri zochokera ku China zimakhala ndi manambala ngati 160/84A: yoyambayo ndi msinkhu wa munthu, yachiwiriyo ndi kuzungulira kwa chifuwa, zonse m'masentimita. Kalembedwe kameneka n'komveka kuposa enawo chifukwa kamanena za thupi lenileni. Zilembo S, M, L ndi XL ndizo zosadalirika kwenikweni. XL wa ku Asia kawirikawiri amachepera mayi amene amavala L wa ku Ulaya.

Zovala za ku America zimagawidwanso m'magulu, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amapusitsika belo la kaunjika likangotsegulidwa. Gulu la misses ndi la amayi a msinkhu wapakati, ndipo manambala ake ndi 2, 4, 6, 8 kumka m'tsogolo. La juniors, la manambala 1, 3, 5, 7, anasokera atsikana achisodzera: limathina m'chiuno ndi pachifuwa, choncho jinzi ya 9 siili pakati pa 8 ndi 10 monga ambiri amaganizira. Ikhoza kukana kukwera ntchafu za mayi amene 8 imamukwana bwinobwino. Chilembo P, choimira petite, sichinena za kuonda ayi, koma kufupika. Ndi cha amayi osapitirira masentimita pafupifupi 163, ndipo manja a bulauzi ndi miyendo ya buluku zimakhala zazifupi ngakhale chovalacho chikhale chachikulu m'mimba. Chilembo W, monga 18W, ndi cha amayi athupi. Chimasiya malo m'mapewa, m'mikono ndi m'mbuyo kuposa 18 wamba.

Manambala a ku America anachokera pa kafukufuku wa boma wa mu 1939 ndi 1940, pamene Ruth O'Brien ndi William Shelton anatsogolera ntchito yoyeza amayi pafupifupi 15,000. Muyeso wa boma unatuluka mu 1958 koma unathetsedwa mu 1983. Kuyambira pamenepo kampani iliyonse imadziikira yokha, ndipo zambiri zakhala zikutsitsa manambala pofuna kusangalatsa ogula. N'chifukwa chake siketi yakalekale ya 12 imachepa poiyerekeza ndi 12 ya masiku ano, ngakhale zonse zichokere m'belo limodzi.

Pa kaunjika, pomwe malo oyesera chovala amasowa, amayi amatenga chiuno cha siketi kapena jinzi yomanga batani n'kuchizunguliza pakhosi. Nsonga zikakumana, amati ikwana. Njirayi imathandizako pa chiuno chokha, za mahipi siinena kanthu, komanso imanama pa nsalu yotamuka. Odziwa kugula amayenda ndi tepi m'chikwama, atasunga pamtima mainchesi a chifuwa, chiuno ndi mahipi awo. Ena amasankha dala chokulirapo, poti telala wa pakhonde amabweza chachikulu mosavuta, pamene chothina alibe pochiwonjezera. Zovala zachitenje sizilowa m'mawerengedwe onsewa: telala amayeza mwini wake, n'kulemba mainchesiwo m'kope lake pafupi ndi kachidutswa ka nsaluyo.