Kodi petulo amatuluka pansi ali kale petulo?

Funso: Dalaivala wina wa minibasi zapakati pa Limbe ndi Blantyre akuti anamva zoti mafuta okumbidwa pansi amakhala akuda bii ndiponso onata. Nanga petulo yemwe amathira m'galimoto yake amachokamo bwanji?

Yankho: Poyamba pomwe, muno m'Malawi mulibe fakitale yoyenga mafuta. Petulo ndi dizilo amabwera oyengayenga kudzera m'madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo ena amasungidwa m'mathanki a NOCMA ku Matindi. Kwathu kuno timangosakanizako ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa.

Koyengako amayamba ndi kuwiritsa mafuta akudawo kuti opepuka akwere, olemera atsale pansi. Petulo wopezeka motere ngwochepa, sangakwanire galimoto zonse. N'chifukwa chake amatenga olemera aja n'kuwaphwanya pa moto wa madigiri pafupifupi 500, atawasakaniza ndi ufa wopangidwa ndi zeolite.

Funso: Ufa umenewu unayamba bwanji?

Yankho: Mu 1756 Axel Cronstedt wa ku Sweden anaona mwala wina ukutulutsa nthunzi atautenthetsa pamoto, ndipo ndiye anautcha zeolite. Panapita zaka pafupifupi 200 usanapeze ntchito yaikulu. Kuphwanya mafuta ndi ufa kunayamba mu 1942 ku Baton Rouge, ku America, koma pamenepo ankagwiritsa ntchito dongo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Charles Plank ndi Edward Rosinski a kampani ya Mobil anaikamo zeolite wopangidwa m'fakitale, petulo n'kuyamba kutuluka wochuluka kwambiri m'mafuta omwewo.

Chinsinsi chake ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Timabowoti n'tambiri moti makoma ake atawayala, zeolite wa magalamu khumi okha angakute pafupifupi bwalo lonse losewerera mpira la pa Kamuzu Stadium. M'makomamo, pomwe pali aluminiyamu m'malo mwa silikoni pamakhala kachigawo ka asidi, ndipo timagawoti ndi tomwe timadula mafuta olemera.

Funso: Asidi wa mu ufa wouma amamuyeza bwanji?

Yankho: Apa m'pamene pali luso. Kapepala kosintha mtundu komwe ana a sekondale amaviika m'madzi a mandimu sikangathandize, poti asidiyu sasungunuka m'madzi, ali chimamatirire m'kati mwa timabowo.

Akatswiri amayamba aumitsa ufawo pamoto, kenako amaupemerera amoniya, mpweya wonunkha uja umalasa mphuno m'khola la nkhuku. Amoniya amakamatira paliponse pali asidi. Akatero amakweza moto pang'onopang'ono, makina akuwerenga amoniya yemwe akutulukamo. Wotuluka msanga anagwidwa ndi asidi wofooka, pomwe wokakamira mpaka madigiri 400 kapena kuposa anali pa asidi wamphamvu. Kuchuluka kwa amoniya yense kumasonyeza kuchuluka kwa timagawo tija.

Vuto la njirayi n'loti siisiyanitsa mitundu iwiri ya asidi yomwe Johannes Brønsted ndi Gilbert Lewis anafotokoza, aliyense payekha, mu 1923. Pamenepa amagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa pyridine pamodzi ndi kuwala kwa infrared, njira yomwe E. P. Parry anasindikiza mu 1963. Mtundu uliwonse umaonekera pamalo akeake pa chithunzi chomwe makina amajambula.

Kuyezaku si kwa m'makalasi chabe. Asidi akachepa, mafuta olemera amadutsa osaphwanyika. Akachulukitsa, amaphwanya mopitirira, n'kumatuluka gasi ndi mwaye womwe umatseka timabowo. Mwayewo amauwotcha pa madigiri pafupifupi 700 kuti ufa ubwerere kukagwiranso ntchito, koma moto ndi nthunzi zimachotsa aluminiyamu pang'onopang'ono, asidi n'kumachepa. Mafakitale akuluakulu amathiramo matani a ufa watsopano tsiku ndi tsiku, wotopawo n'kumauchotsa.