Kuchokera ku Woolton Kukafika ku Candlestick Park: Kutchuka kwa The Beatles, 1957-1966

Pa 6 Julayi 1957, pa bwalo la tchalitchi cha Anglikani cha St Peter ku Woolton, m'mphepete mwa mzinda wa Liverpool ku Mangalande, padali chisangalalo cha pachaka cha parishi. Monga zimakhalira pa masiku otere, padali zogulitsagulitsa, maseŵera a ana, ndiponso kagulu ka anyamata a sukulu kamene kadapatsidwa mpata woti kaimbeko masana. Kaguluko kankadzitcha Quarrymen, potengera dzina la sukulu yao ya Quarry Bank, ndipo mtsogoleri wake adali John Lennon, wa zaka 16. Madzulo ake, m'holo ya parishi, mnzake wina adabwera ndi mnyamata wa zaka 15, Paul McCartney, amene ankadziŵa kukunga nsambo za gitala kuti zilire bwino, nakumbukiranso mau a nyimbo osaphonya. Patapita zaka zisanu ndi zinai, Akristu ena ku Amereka ankaponya pa moto mbale za galamafoni za anyamata omweŵa. Tifuna kulondola njira imene idachokera pa bwalo la tchalitchi lija kukafika pa motowo, pakuti ambiri amaikamba nkhaniyi ngati kuti anyamatawo adagona osadziŵika nadzuka m'maŵa ali otchuka, pamene mbiri yeniyeni siitero ai.

Liverpool ndi mzinda wa padoko, ndipo m'zaka zimenezo udali ukadali ndi zipsera za mabomba a nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse. Anthu ake ambiri makolo ao adachokera ku Ireland. McCartney ndi George Harrison, amene adaloŵa m'kaguluko mu 1958, onse aŵiri adabatizidwa mu Eklezia Katolika, ngakhale kuti sadakulire m'sukulu za Mpingo. Zinthu ziŵiri zidaŵatsekulira njira. Choyamba ndi nyimbo zotchedwa skiffle, zimene Lonnie Donegan adazitchukitsa mu 1956, zosalira ndalama: gitala yotsika mtengo, bokosi la tiyi lomangako chingwe, thabwa lochapirapo zovala, basi gulu lakwana. Chachiŵiri ndi chigamulo cha boma la Britain mu 1957 chothetsa usilikali wokakamiza, kotero kuti anyamata obadwa kuyambira Okutobala 1939 sadaitanidwenso ku usilikali. Anyamata onse a gululi adabadwa pambuyo pa mwezi umenewo. Likadakhalapobe lamulo lija, bwenzi atamwazikana pa msinkhu umene gulu loimba limayamba kukhwima. Tiwonjezepo chinthu china chimene chidamanga Lennon ndi McCartney pamodzi: McCartney amai ake adamwalira ndi khansa mu 1956, ndipo a Lennon adagundidwa ndi galimoto mu Julayi 1958. Adali ana amasiye aŵiri olembera nyimbo m'kope la kusukulu.

Sukulu yao yeniyeni idali Hamburg, ku West Germany. Adafikako mu Ogasiti 1960, atatenga kale dzina loti The Beatles, ali asanu: Lennon, McCartney, Harrison, Stuart Sutcliffe ndi Pete Best woimba ng'oma. Ntchito adaipeza m'mabala a dera la St Pauli, kumene amalinyero ankamwazako malipiro ao, m'mseu wotchedwa Grosse Freiheit, ndiye kuti ufulu waukulu. Dzinalo lidachokera ku ufulu wa chipembedzo ndi wa ntchito umene udapatsidwa kalekale kwa anthu osakhala a mpingo wa Lutheran, ndipo tchalitchi cha Katolika cha Yosefe Woyera chili mumseu momwemo, pakati pa nyumba za moŵa ndi za uhule. Anyamatawo ankagona m'kachipinda kuseri kwa nsalu yoonetserapo kanema, pafupi ndi zimbudzi. Ankaimba maola anai kapena asanu ndi limodzi usiku uliwonse, sabata yathunthu osapumula, pamaso pa anthu oledzera amene sankamva Chingerezi ndipo sankazengereza kuponya botolo.

Apa mpofunika kuimapo pang'ono, chifukwa zonse zimene dziko lidadabwa nazo pambuyo pake zidasulidwa kumeneku. Munthu woimba maola asanu ndi limodzi sangadalire nyimbo khumi. Adayenera kuphunzira nyimbo zambirimbiri za oimba a ku Amereka, makamaka akuda, monga Chuck Berry ndi Little Richard, ndipo pozibwereza usiku ndi usiku adadziŵa m'mene nyimbo imamangidwira. Adaphunzira kugwirizanitsa mau atatu. Adaphunziranso kuŵerenga nkhope za omvera, kudziŵa nthaŵi yofulumira ndi yodekha. Koma mtengo wake sudali wochepa. Kuti asagone ankameza mapiritsi otchedwa Preludin. Harrison adathamangitsidwa m'dzikomo mu Novembala 1960, apolisi atazindikira kuti adali ndi zaka 17 zokha. Sutcliffe, amene adatsalira ku Hamburg kuti aphunzire zojambula, adamwalira komweko mu Epulo 1962, magazi atatayikira mu ubongo, ali ndi zaka 21. Pakati pa 1960 ndi 1962 gululo lidapita ku Hamburg kasanu.

Kwao ku Liverpool malo ao adali Cavern Club, chipinda cha pansi pa nyumba yosungiramo katundu mu Mathew Street, chachinyontho ndi chosoŵa mpweya, m'mene adaimbamo pafupifupi ka 300 kuyambira Febuluwale 1961 mpaka Ogasiti 1963. Ndi m'menemo m'mene Brian Epstein adaŵapeza pa 9 Novembala 1961. Iyeyu adali wa zaka 27, woyang'anira sitolo ya mbale za galamafoni ya banja lao, ndipo adali asadayendetsepo gulu loimba chibadwire. Adaŵavula majekete achikopa naŵaveka masuti, adaŵaletsa kudya, kusuta ndi kutukwana pa nsanja, naŵaphunzitsa kuŵerama pamodzi nyimbo ikatha. Lennon pambuyo pake ankadandaula kuti pamenepo adadzigulitsa. Komabe tiyenera kuvomera kuti popanda masutiwo makolo a ku Britain sakadalola ana ao aakazi kupita kukaŵaona, ndipo wailesi ya BBC sikadaŵalandira msanga.

Kampani ya Decca idaŵamvera pa 1 Januwale 1962 niŵakana. Amene adaŵalandira ndi George Martin wa Parlophone, nthambi yaing'ono ya EMI, munthu amene ankadziŵika ndi mbale za nthabwala. Martin sadakhutire ndi kaimbidwe ka ng'oma ka Pete Best, ndipo mu Ogasiti 1962 Best adachotsedwa, m'malo mwake muloŵa Ringo Starr. Anzake atatu aja, amene adagona naye kuseri kwa kanema ku Hamburg, sadamuuze okha, adatuma Epstein. Kaya chigamulocho chidali choyenera pa nkhani ya luso, kachitidwe kake kadali ka mantha, ndipo kadachitika patangotsala milungu isanu ndi iŵiri kuti mbale yao yoyamba ituluke.

Kuchokera apa zinthu zidathamanga. Mbale ya "Love Me Do" idatuluka pa 5 Okutobala 1962 nifika pa nambala 17. Pa 11 Febuluwale 1963 adajambula nyimbo khumi tsiku limodzi, chinthu chimene anthu ophunzira ku Hamburg okha ndiwo akadatha, ndipo mbale yaikulu imene idatulukapo idakhala pa nambala 1 milungu 30, mpaka idachotsedwapo ndi mbale yao yachiŵiri. Chaka chisanathe adaimba pamaso pa a banja lachifumu. Pa 7 Febuluwale 1964 adatera ku New York, m'dziko limene lidali likulirabe Pulezidenti Kennedy amene adaphedwa mu Novembala 1963, ndipo patapita masiku aŵiri anthu pafupifupi 73 miliyoni adaŵaonera pa wailesi ya kanema m'pulogalamu ya Ed Sullivan. Mu Epulo chaka chomwecho malo asanu oyamba pa mndandanda wa Billboard adali a nyimbo zao zokhazokha. Harrison adali atangokwanitsa zaka 21.

Zifukwa zake tingazitchule: ana ambiri obadwa nkhondo itatha adali atafika pa msinkhu wachinyamata, ali ndi tindalama tao m'thumba, mawailesi ang'onoang'ono a mabatire adalola mwana kumvera zake kuchipinda osapempha atate ake, ndiponso anyamatawo ankalemba okha nyimbo zao, nayankha atolankhani mwanthabwala, m'malankhulidwe a kwao ku Liverpool, osayesa kudzisandutsa ana a mabwana. Ndipo mphamvu imene adaipeza nthaŵi zina adaigwiritsa bwino. Mu Sepitembala 1964, ku Jacksonville m'chigawo cha Florida, adakana kuimba ngati azungu ndi anthu akuda akhazikidwa padera, ndipo eni bwalo adagonja.

Koma walira mvula walira matope. Chizindikiro cha zaka zimenezi ndi mfuu wa atsikana, mfuu wosalekeza kuyambira pamene anyamatawo aonekera mpaka atachoka. Pa 15 Ogasiti 1965, ku Shea Stadium mu New York, adaimba pamaso pa anthu 55,600 ndi zokuzira mau zosakwanira bwalo lotere. Omvera sankamva nyimbo, oimbanso sankadzimva okha. Ringo Starr adafotokozapo kuti ankangoyang'ana misana ya anzake kuti adziŵe pamene nyimbo yafika. Luso limene adalivutikira ku Hamburg lidayamba kufota, chifukwa panalibe wolifuna. Anthu ankadzera kudzakhala pafupi ndi matupi ao. Makolo ankabwera ndi ana olumala kuseri kwa nsanja kuti anyamatawo aŵakhudze, zimene Lennon zinkamsautsa kwambiri. Ife amene taŵerengapo za makamu a ku malo oyera tikuchizindikira chinthu chimenechi, ngakhale kuti apa chidagwera pa anyamata anai amene analibe choti apatse anthuwo koma nyimbo za mphindi ziŵiri ndi theka.

Mau a Lennon amene adabutsa moto aja tiyenera kuŵamvera pakati pa zimenezi. Pa 4 Malichi 1966 nyuzipepa ya Evening Standard ya ku London idasindikiza zimene iye adakambirana ndi mtolankhani Maureen Cleave. Mwa zina adati Chikristu chikunka chifota ndipo chidzatha, nati gulu laolo tsopano lidali lotchuka kuposa Yesu. Ku Mangalande panalibe wodzidzimuka. Kuchepa kwa anthu m'matchalitchi kudali nkhani ya atsogoleri a mpingo omwe, makamaka kuyambira 1963 pamene episkopi wa Anglikani John Robinson adatulutsa buku lake lotchedwa Honest to God. Koma magazini ya achinyamata ya ku Amereka, Datebook, itabwereza mauwo kumapeto kwa Julayi, mawailesi a kumwera kwa dzikolo, kuyambira ku Birmingham m'chigawo cha Alabama, adaleka kuulutsa nyimbo zao nayamba kukonza misonkhano yotentha mbale. A Ku Klux Klan adaloŵererapo. Kufupi ndi kwathu kuno, wailesi ya boma la South Africa idaletsa nyimbo za The Beatles kwa zaka zingapo: boma la tsankho lidadziyesa mtetezi wa dzina la Kristu. Pa 11 Ogasiti, ku Chicago, Lennon adapepesa, akuoneka wamantha, nafotokoza kuti sadanene kuti iwo ndi aakulu kapena abwino kuposa Yesu, adangonena m'mene zinthu zidaliri pakati pa achinyamata a ku Mangalande.

Mbali ya Katolika idayankha modekha. Magazini ya ansembe a chipani cha Yesu ku Amereka, yotchedwa America, idati Lennon adangonena zimene aphunzitsi ambiri achikristu akadavomera. L'Osservatore Romano, nyuzipepa ya ku Vatican, idadzudzula kukamba zoyera mopepuka, koma idalandira kupepesako, nivomera kuti m'mauwo mudali kachoonadi ponena za kutayirira kwa anthu ambiri. Apa nkuti patangopita miyezi isanu ndi itatu chitsekereni Msonkhano wachiŵiri wa Vatican, umene udapempha Eklezia kuti aziŵerenga zizindikiro za nthaŵi. Mu Novembala 2008 nyuzipepa yomweyo idabwereranso ku nkhaniyi, nkumauona mau aja ngati kudzitama kwa mnyamata wa banja la anthu wamba amene kutchuka kudamgwera modzidzimutsa. Ife tikuona kuti ulosi wa Lennon wonena za kutha kwa Chikristu udali wa munthu woyang'ana Mangalande yekha, pakuti m'zaka zomwezo matchalitchi a mu Afirika ankasefukira. Koma zimene adanena za makamu omzungulira adaziona ndi maso ake.

Chaka chimenecho adali atatopa kale. Ku Manila, mu Julayi, adathaŵira ku ndege akukankhidwa, chifukwa chosapita ku phwando la Imelda Marcos, mkazi wa pulezidenti. Ku Memphis, pa 19 Ogasiti, wina adaphulitsa kakombola m'kati mwa nyimbo, ndipo anyamatawo adayang'anizana kuti aone amene waomberedwa mfuti. Patapita masiku khumi, pa 29 Ogasiti 1966, adakwera nsanja ku Candlestick Park mu San Francisco, usiku wozizira ndi wamphepo, mipando yambiri ili yopanda anthu. Adali atagwirizana kale kuti ulendo umenewu ndi wotsiriza, koma omvera sadauzidwe. Adabwera ndi makamera pa nsanja, nadzijambula okha. Adaimba nyimbo 11, kwa theka la ola ndi mphindi zochepa, kenaka adaloŵa m'galimoto yachitsulo yonga yonyamulira ndalama, nachoka. Gululo lidapitiriza kujambula mbale mpaka lidapasuka mu 1970, koma silidaimbenso pamaso pa anthu olipira pakhomo.