Dzanja, Chala ndi Thangata M'mawu a M'fakitale

Mwini chigayo wodziwa ntchito yake sadikira kuti mota ipse. Amaika chikhato pachitsulo kuti amve kutentha kwake, n'kutchera khutu. Kulira kukangosintha pang'ono amazimitsa, n'kuuza amene ali pamzere ndi matumba awo a chimanga kuti, "Pepani amayi, tadikirani kaye, mabering'i ayamba kutha."

Dzanja limenelo lilimo m'mawu a Chingerezi akuti manufacture, amene ife timati kupanga katundu m'fakitale. Gwero lake ndi Chilatini: manus ndi dzanja, facere ndi kupanga. Poyamba mawuwa ankanena za chinthu chopangidwa ndi manja, ngati khasu la wosula kapena mphika wa woumba. Makina anadzalanda ntchito yambiri, koma dzina la dzanja linatsalira pakhomo la fakitale.

Mawu akuti digital nawonso anatuluka m'thupi lomweli. Digitus pa Chilatini ndi chala. Anthu ankawerengera pazala, monga amachitira mwana wa sitandade 1, mpaka manambala a 0 kufika 9 anatengera dzina ku zalazo. Kompyuta nayo inachokera ku computare, kuwerengera, ndipo kale linali dzina la munthu wolembedwa ntchito ya masamu. Chichewa chinagwira mfundoyi ndi liwu limodzi, pakuti timawerenga ndalama, timawerenganso kalata. Makina amakono amachita zonse ziwiri: amawerenga malangizo, amawerenganso chilichonse chochitika m'kati mwake.

Nzeruyi inayamba kale. Mu 1804, ku Lyon m'dziko la France, Joseph Marie Jacquard anakonza makina oombera nsalu otsogozedwa ndi makadi obooledwa. Pamene pali bowo ulusi unkakwera, pamene palibe unkakhala pansi, ndipo maluwa ankatuluka pansalu. Bowo ndi kupanda bowo ndiye 1 ndi 0 wa lero. Kalipentala amene ali ndi makina a CNC, otsogozedwa ndi kompyuta, amajambula chitseko pakompyuta, mpeni wa makinawo n'kusema zitseko 100 zofanana ngati mapasa. Kachipangizo kotchedwa sensa kamachita zimene chikhato chija chimachita: kamayeza kutentha ndi kunjenjemera kwa mota usana ndi usiku, n'kutumiza chenjezo pafoni. Mu 2011, pachionetsero cha zamafakitale ku Hannover, Ajeremani anatchukitsa dzina loti Industrie 4.0, kunena sitepe yachinayi pambuyo pa nthunzi, magetsi ndi kompyuta, pamene makina akuuzana okha nkhani kudzera pa intaneti.

Kwa wabizinesi, tanthauzo lake n'lakuti chala chayamba kutsogolera dzanja. Wowerenga amakonza makina asanafe, amadula thabwa osataya zidutswa zambiri, ndipo amadziwa mtengo weniweni wa chitseko chilichonse asanatchule mtengo kwa kasitomala. Wongoganizira adzagonja pamsika ngakhale luso ali nalo. Poyambira pake n'potsika mtengo: kulemba mayunitsi a magetsi, maola amene makina aima ndi katundu wowonongeka tsiku lililonse.

Koma pali liwu lachitatu limene limandikhudza mtima. Loboti, pa Chingerezi robot, anabadwira m'sewero la R.U.R. limene Karel Čapek anasindikiza mu 1920. M'chinenero chake cha Czech, robota inali ntchito yokakamiza imene alimi osauka ankagwirira eni minda. Ife dzina lake tikulidziwa: thangata. Kuthangata kunali kuthandizana pakati pa abale ndi anansi, koma m'minda ya atsamunda ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu kunasanduka goli, ndipo kunali m'gulu la madandaulo amene anadzutsa John Chilembwe mu 1915. Loboti woyamba wa m'fakitale, Unimate, anayamba ntchito mu 1961 kufakitale ya General Motors ku New Jersey, kunyamula zitsulo zamoto zimene zinkaika miyoyo ya antchito pachiswe. Pamenepo makina anathangatadi munthu.

Mwini fakitale aliyense ali ndi chisankho pakati pa matanthauzo awiriwa. Akhoza kugwiritsa ntchito manambala pothamangitsa antchito ndi kuwawerengera mphindi iliyonse, thangata wa atsamunda n'kubwerera atavala zamakono. Akhozanso kusenzetsa makina ntchito yowawa, n'kuphunzitsa anthu ake kuwerenga zimene sensa ikunena. Ine ndikupempha njira yachiwiriyi, ndipo phindu lili komweko. Foni idzanena kuti mota yatentha, koma wodziwa chimene chatenthetsa ndi pomasula pake ndi uja wakhala zaka zambiri akuika chikhato pachitsulo. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Pogula chala chatsopanochi, tisunge dzanja limene chidzamerepo.