Mbiri yobisika m'maina a mbewu za kudimba

Amene afuna kudziwa kumene makolo athu anayenda ndi alendo amene anawalandira angoima pakati pa dimba n'kutchula mbewu iliyonse dzina lake. Maina a ndiwo ndi zipatso asunga mbiri imene mabuku a kusukulu sanalembe.

Mbewu zakalekale za kuno ndi mapira, mawere, khobwe ndi nzama. Zonsezi zinayamba kulimidwa mu Africa mommuno. Pambali pa izi panali masamba omera okha monga luni ndi denje, komanso zipatso za kutchire: masuku, malambe ndi matowo. Dimba, munda wa m'dambo kapena wa m'mphepete mwa mtsinje, linkadyetsa banja m'chilimwe pamene minda ya kumtunda inali itauma.

Alendo oyamba anadzera kunyanja ya mchere. Vasco da Gama atafika pagombe la Mozambique mu 1498, sipanapite zaka zambiri Apwitikizi anakwera mtsinje wa Zambezi, ndipo m'zaka za m'ma 1530 anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete, pakhomo penipeni pa dziko la Amaravi. Mbewu za ku America zinalowa ndi malonda a nthawi imeneyo. Mawu oti mbatata ndi Chipwitikizi, batata, ndipo iwonso anawatenga kwa anthu a pa zilumba za Caribbean. Chinanazi ndi ananás, dzina lochokera ku South America. Lalanje, chipatso cha ku Asia, ndi laranja. Ndimu ndi dzina limene Aswahili amatchulanso chimodzimodzi. Ngakhale chimanga, chimene lero timachiyesa moyo wathu, akatswiri a mbiri amati dzina lake limaloza kugombe kumene chinachokera.

Chodabwitsa n'chakuti agogo athu sanangolandira. Maungu ndi chinangwa ndi mbewu za ku America, koma masamba ake anapatsidwa maina a kwathu: nkhwani ndi chigwada. Nsinjiro zothira mu ndiwozo ndi mtedza, mlendonso wa ku South America. Mlendo anabweradi ndi kalumo kakuthwa, koma ometa anali eni mudzi. Luso lofutsa masamba, kuwayanika ndi kuwamanga m'zikwatu kuti mfutso ufike m'nyengo yosowa ndiwo silinabwere pa chombo.

Alendo achiwiri anadza ndi amishoni ndi atsamunda. Mishoni ya Blantyre itayamba mu 1876, inali ndi alimi a za m'dimba ochokera ku Scotland, ndipo boma la atsamunda linatsegula munda woyeserera mbewu ku Zomba. Maina a nyengo imeneyi n'ngosabisika: kabichi, anyezi, karoti, repu, tanaposi. Peyala tinalitcha choncho podula dzina lake la Chingerezi. Abale amene anapita ku migodi ya Joni, ku Salisbury ndi ku Copperbelt anathandizanso kuyendetsa mbewu ndi maina. Nachesi ndi naartjie wa ku South Africa, ndipo chomoliya, amene amadziwika bwino ku Zimbabwe ndi ku Zambia, ndi chou moellier wa Chifalansa.

Apa m'pamene panabadwa mtima wogawa ndiwo pawiri. Za m'mapaketi, zobzalidwa m'mizere, zinakhala za anthu ophunzira. Bonongwe ndi chisoso zinasanduka za amphawi, zozula popalira. Komatu kabichi amafuna madzi ambiri, mankhwala ndi mbewu yogula chaka ndi chaka, pamene luni amadzifesa yekha ndipo amapirira dzuwa. Pa njala ya 1949 ndi ya 2002, kudziwa masamba, mizu ndi zipatso za kutchire kunali kusiyana kwa moyo ndi imfa m'mabanja ambiri.

Choncho choopsa si mbewu zachilendo ayi, poti dimba lathu lakhala likulandira alendo kwa zaka pafupifupi 500. Choopsa ndi kutha kwa dzina. Mwana amene sadziwa denje adzalizula ngati udzu, ndipo mbewu yosatchulidwa siisungidwa. Inu amene muli ndi kamalo kuseri kwa nyumba ku Area 25, ku Matero, ku Mbare, ngakhale ndowa ya dothi pakhonde ku Leeds, siyani mzere umodzi wa ndiwo za makolo, ndipo ana muwauze dzina lake. Chimene ku Lilongwe timati nkhwani, ku Lusaka amati chibwabwa. Bonongwe amamutcha bondwe. Nanga kwanuko, ku Angónia kapena ku Katete, mumazitcha bwanji? Tilembe mainawa agogo akadalipo oti atiwongolere.