Kuchoka pamzere wa kapitawo kufika pa envelopu yakhaki

Ku Phalombe kuno ntchito yolembedwa sinachulukepo, ndipo kwa zaka zoposa 100 anthu akuno akhala akukaipeza kwina. Makolo athu ambiri Achilhomwe anawoloka malire kuchokera ku Mozambique kuyambira m'ma 1890, kuthawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi. Ena anakhazikika m'chigwa chino pakati pa phiri la Michesi ndi nyanja ya Chilwa, ena anagwa mu thangata m'maesiteti a ku Mulanje ndi ku Thyolo. Masiku amenewo ntchito sankafunsira ndi kalata. Munthu ankalawirira kukaima pamzere, kapitawo n'kumuyang'ana msinkhu ndi manja, basi walembedwa. Wotchola tiyi zaka 20 akachotsedwa pa esiteti ina ankangopita pa ina, poti dengu ndi lomwelo, tiyi ndi yemweyo.

Kumigodi ya ku Joni nakonso ankalemba thupi. Bungwe lolemba anthu la Wenela linkayeza munthu pasikelo, dokotala n'kumvetsera chifuwa, iye n'kudinda chala, ulendo. Amalume anga anapita chomwecho, ndipo pakati pa kontirakiti ina ndi inzake ankabwera kudzalima, kudzakhoma malata, n'kubwereranso. Pofika 1973 Amalawi ogwira ntchito m'migodi imeneyo anali oposa 100,000. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Njira inatsekukanso mu 1977, bungwelo litasintha dzina kukhala TEBA, ife timati Theba, koma olembedwa anali ochepa. Mu 1988 boma la South Africa litaumirira zoyeza Amalawi kachilombo ka HIV, mgwirizano unasokonekera, ndipo amuna pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi m'zaka zotsatira.

Pamenepo m'pamene kuno tinayamba kuona munthu wamkulu, wa imvi zoyambirira, akufunafuna ntchito ngati mnyamata wongomaliza sukulu. Amalume ankadziwa kuboola mwala pansi pa nthaka, ankadziwa kumva denga la mgodi likafuna kugwa, ankalankhula Chifanakalo bwinobwino. Nanga ku Migowi kapena ku Chiringa ndani akanawalipira chifukwa cha zimenezo? Atapita ku Limbe anawafunsa satifiketi ya JC, iwo ali ndi chitupa cha kumgodi chokha. Anzawo ambiri anathera pa ulonda. Amene anapulumukako ndi aja anagula makina osokera, ngolo kapena njinga ndalama zisanathe. Amalume anali ndi Singer yawo, ndipo anaphunzira kusoka ali ndi zidzukulu kale. Nyengo nayo sinawachitire chifundo. Napolo wa mu Malichi 1991 anakokolola minda ndi nyumba kuno, ndipo mu 1995 nyanja ya Chilwa inaphwa, geni ya matemba imene ena anadalira n'kuima.

Ntchito imene anthu ankaiyesa yosatha inali ya ku ADMARC. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1971 m'malo mwa Farmers Marketing Board, ndipo m'dera la nandolo, mpendadzuwa ndi mpunga ngati lathu, kalaliki wa pasikelo anali munthu wolemekezeka. Atsibweni ankamupatsa mbeta mosavuta. Koma kuyambira 1987, boma litalola amalonda wamba kugula mbewu kwa alimi, misika ina inatsekedwa, mavenda n'kuyamba kupachika masikelo awo m'mitengo. Mu 2022 boma linaimitsa ntchito za ADMARC kuti liikonze, ndipo antchito masauzande anachotsedwa.

Pokhala mphunzitsi wopuma, ndathandizapo angapo otere kulemba makalata ofunsira ntchito, ochokera m'mabungwe osiyanasiyana. Chimene chimandidabwitsa n'chimodzi. Ndikawafunsa kuti, "Bambo, munkatani kwenikweni kuntchito kuja?" amayankha kuti, "Ndinali kalaliki, aphunzitsi," n'kukhala chete. Mpaka ndiwafunse pang'onopang'ono m'pamene zimatuluka: ankasunga ndalama za msika wonse, ankadziwa chimanga chosauma pongochiluma, ankawerengera matumba olowa ndi otuluka osasowa ndi limodzi lomwe, ankaweruza mikangano ya pamzere nthawi ya njala. Munthu akakhalitsa pampando umodzi amaiwala kuti zimene amachita tsiku ndi tsiku ndi luso. Enanso ndi manyazi: amene dzulo ankatchedwa bwana safuna kuoneka atanyamula envelopu yakhaki pa boma, pamzere umodzi ndi mwana amene anabadwa iye ali kale pantchito.

Ine ndimaona kuti mzere wa kapitawo unali wankhanza, koma unkaona munthu ndi maso. Kalembedwe ka lero kamaona pepala. Olemba ntchito amafuna MSCE, CV yotayipa pakompyuta, nthawi zina kuitumiza pa intaneti, ndipo zaka 25 zimene munthu wagwira sizioneka ngati palibe amene anazilemba. Ngakhale Phalombe inakhala boma palokha mu 1998, itachoka ku Mulanje, ntchito za m'maofesi zimene zinabwera ndi zochepa, ndipo zambiri zimapita kwa a masatifiketi. Otsalawo ali pa kabaza, pa ganyu, kapena akugula nandolo m'malire.

Komatu lamulo lilipo limene amalume analibe. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati wochoka pa ntchito akapempha, womulemba ayenera kumupatsa kalata yosonyeza kutalika kwa nthawi imene wakhala pa ntchitoyo, ndi ntchito imene ankagwira. Ambiri amathamangira ndalama zokha, kalatayo n'kuisiya. Inu amene mudakali pantchito, kaya pa esiteti, pachigayo kapena mu ofesi, tsiku lochoka musatuluke pageti musanaipemphe, ndipo akakukanizani kadandauleni ku ofesi ya leba.