Chithunzi chomwe chinayamba ndi masamu

Anzanga, mukukumbukira April 2019? Kuno ku chigwa anthu ambiri anali akadali m'makampu madzi atasefukira mu Malichi. Ndiye n'kutheka kuti chithunzi chomwe chinazungulira dziko pa 10 April chinakudutsani: mphete yofiira ngati moto wa makala, pakati pali bii. Chinali chithunzi choyamba cha black hole, tinene kuti dzenje lakuda, malo omwe mphamvu yake yokoka ndi yaikulu moti ngakhale kuwala sikutulukamo. Ganizirani bwato lomwe lafika pamwamba pa mathithi a Kapichira. Pali mzere womwe ukangoudutsa, kaya upalase bwanji, basi wapita.

Mbiri yake ikuyamba mu 1916, pomwe Karl Schwarzschild, ali msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anathetsa masamu a Einstein papepala. Masamuwo ankalola kuti dzenje lotere likhalepo. Koma chinthu chakuda mumdima ungachione bwanji? Umaona zomwe zikugweramo. Mpweya ukamayandikira umazungulira, kukhulana, n'kutentha mpaka kuwala.

Mu 1979 Jean-Pierre Luminet wa ku France anatulutsa chithunzi cha mmene zimenezi zingaonekere. Anawerengetsa pa kompyuta ya IBM 7040, yodya makadi obooledwa, yomwe foni muli nayo m'manjayo ikuiposa kutali. Makinawo anangomupatsa manambala. Iye anatenga cholembera ndi inki n'kumadontheza timadontho pamanja, kamodzikamodzi! Chithunzicho chinaonetsa mbali imodzi yowala kwambiri, chifukwa mpweya wa mbali imeneyo ukuthamangira kwa ife.

Panatsala funso lovuta, lomwe kwa ine ndi lokoma kuposa chithunzi chenichenicho. Chinthu chozungulira sichigwa wamba. Dziko lathuli lakhala likuzungulira dzuwa osagweramo. Nanga mpweyawo umagwa bwanji? Mu 1991 Steven Balbus ndi John Hawley anaonetsa, ndi masamu komanso kompyuta, kuti mphamvu ya maginito, ngakhale yochepa, imavundula mpweyawo. Wamkati umataya mphamvu yake yozungulira kwa wakunja, n'kumatsikira m'kati pang'onopang'ono.

Kompyuta imachita izi pogawa malo m'timabokosi tambirimbiri, n'kumawerengetsa kuti kanthawi kakadutsa, mpweya wochuluka bwanji uchoka m'kabokosi aka kupita m'kena. Njira yomweyi, eti, ndi yomwe imagwiritsidwa ntchito polosera komwe namondwe ngati Freddy alowere. Chenjezo lija timamva pa wailesi limachokera m'timabokosi totere.

Tibwerere ku 2019. Gulu la Event Horizon Telescope linalumikiza makina asanu ndi atatu oonera kuthambo, ku Chile, Hawaii, Spain, Mexico, Arizona ndi South Pole. Zomwe anajambula mu April 2017 zinachuluka moti anazinyamula pa ndege, intaneti inachepa. Dzenje la mu mlalang'amba wa M87 limalemera ngati madzuwa 6.5 biliyoni. Kuti amvetse zomwe aona, anayerekeza ndi zithunzi pafupifupi 60,000 zopangidwa pa kompyuta. Mphete ija inapezeka, ndipo mbali imodzi inali yowala ndithu, monga Luminet anajambulira zaka 40 m'mbuyomo.

Mwa makina asanu ndi atatuwo, mu Africa munalibe ngakhale amodzi. Pano pali dongosolo lomanga Africa Millimetre Telescope ku Namibia, dera la Gamsberg, kuti atseke mpata umenewo.