Sosholoje ndi Mbiri ya Pakati pa Mzinda wa Pretoria

Mzinda wa Pretoria, ku South Africa, unakhazikitsidwa mu 1855 ndi Marthinus Wessel Pretorius, amene anautcha dzina la bambo ake, Andries Pretorius, ndipo unakula mozungulira bwalo limene alimi a mtundu wa Mabunu ankaimikapo ngolo zawo akabwera kudzadya mgonero wa Ambuye. Bwalo limeneli ndi Church Square, ndipo m'mbali mwake munamangidwa nyumba ya malamulo ya Ou Raadsaal ndi khoti lalikulu la Palace of Justice, kotero kuti tchalitchi, boma ndi chiweruzo zinakhala malo amodzi. Malo otere ndi oyenera kuwaunika ndi sosholoje, limene ndi phunziro la momwe anthu amakhalira pamodzi m'magulu ndi momwe maguluwo amaumbira moyo wa munthu aliyense, phunziro limene analipatsa dzina ndi Mfalansa Auguste Comte m'zaka za m'ma 1830. Koma ku Pretoria phunziroli silinaime pambali n'kumangoonerera, pakuti linathandiza nawo kusankha amene ankaloledwa kugona mumzindawo ndi amene ankayenera kutulukamo dzuwa likalowa.

Maphunziro apamwamba mumzindawu anayamba mu 1908 m'nyumba yotchedwa Kya Rosa mumsewu wa Skinner, pamene Transvaal University College inatsegula makalasi ake, ndipo sukuluyi inasanduka University of Pretoria mu 1930. Pa nthawiyo nkhawa yaikulu ya atsogoleri a Mabunu inali umphawi wa azungu anzawo amene anasiya minda n'kudzadzaza m'matauni, ndipo lipoti la komiti ya Carnegie la 1932 linati azungu osaukawo analipo pafupifupi 300,000. Sosholoje ya m'mayunivesite ophunzitsa m'Chiafrikaans inakula ngati mankhwala a vuto limeneli, limodzi ndi ntchito yosamalira anthu ovutika, ndipo funso lake lenileni linali lakuti mzungu wosauka atalikitsidwe bwanji ndi munthu wakuda amene ankakhala naye moyandikana. Hendrik Verwoerd, amene pambuyo pake anakhala nduna yaikulu, ankaphunzitsa sosholoje ku Stellenbosch, pamene ku Pretoria kunali Geoffrey Cronjé, mlembi wa buku la 1945 lotchedwa 'n Tuiste vir die Nageslag, limene linalimbikira kuti mitundu ipatulidwe kotheratu pa malo okhala, pa ntchito ndi pa ukwati.

Maganizo amenewa anali ndi chibale, ngakhale cha patali, ndi kaonedwe kamene akatswiri amakatcha functionalism, kamene kamafanizira dziko ndi thupi, momwe banja, chipembedzo, sukulu ndi khoti zili ngati ziwalo zogwira ntchito zosiyana kuti thupi lonse likhale mumtendere. Kaonedweka kamachokera kwa Émile Durkheim, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kanalowa kwambiri m'mayunivesite a Chiafrikaans kudzera m'zolemba za Talcott Parsons wa ku America. N'kulakwa kumunamizira Durkheim kuti ndiye anabala apartheid, ndondomeko yopatula mitundu, popeza iye anaphunzitsa mu 1893 kuti anthu a m'matauni amamangidwa pamodzi chifukwa chodalirana pa ntchito zosiyanasiyana, chimene ndi chiphunzitso chotsutsa kupatulana. Komabe kaonedwe kamene kamatamanda bata n'kumaona mkangano ngati matenda n'kosavuta kukagwiritsa ntchito kwa amene bata likumukomera.

Zotsatira za maganizo opatula mitundu zinaonekera bwino ku Marabastad, dera la kumadzulo kwa pakati pa mzinda, kumene anthu akuda, amwenye ndi makaladi ankakhala mothithikana kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo kumene Es'kia Mphahlele anakulira, monga akufotokozera m'buku lake la 1959 la Down Second Avenue. Anthu akuda anayamba kusamutsidwira ku Atteridgeville m'zaka za m'ma 1940, ndipo lamulo la Group Areas Act la 1950 litakhwima, makaladi anawatumiza ku Eersterust, amwenye ku Laudium, pamene anthu a ku Lady Selborne, amene ena mwa iwo anali ndi malo awoawo, anamwazikira ku Mamelodi, Atteridgeville ndi Ga-Rankuwa. Mu sosholoje kusanjana kwa anthu m'magulu apamwamba ndi apansi kumatchedwa stratification, ndipo nthawi zambiri munthu amachita kukufufuza ndi ziwerengero za malipiro, koma ku Pretoria kunalembedwa pamapu, ndipo kunkayezeka ndi mtunda umene wantchito ankayenda pa sitima m'bandakucha.

Kaonedwe kotsutsa, kamene kamati dziko limayenda ndi kulimbana kwa magulu pa chuma ndi ulamuliro, ndipo kamachokera kwa Karl Marx, kanafika pa Church Square kudzera m'khoti osati m'kalasi. Mu Palace of Justice ndimo munazengedwa mlandu wa Rivonia, umene unatha pa 12 Juni 1964 Nelson Mandela ndi anzake asanu ndi awiri atalamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Loya Harold Wolpe akanakhala m'gulu la oimbidwa mlanduwo akanapanda kuthawa m'chitokosi cha apolisi cha Marshall Square ku Johannesburg mu 1963, ndipo ali ku Britain analemba nkhani ya 1972 imene inasintha sosholoje ya dziko lonselo. Mfundo yake inali yakuti migodi ndi mafakitale zinkalipira munthu wakuda ndalama zosakwanira kulera banja chifukwa mkazi, ana, odwala ndi okalamba ankadyetsedwa ndi munda wa kumudzi, ndipo kuti mindayo itaguga, boma linawonjezera mapasi ndi apolisi kuti malipiro akhalebe otsika. Wa ku Malawi safunika kumumasulira zambiri pamenepa, chifukwa midzi ya ku Mzimba, Nkhata Bay ndi Dedza inasenza katundu yemweyo pamene amuna ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, ena n'kusanduka matchona, mpaka Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchitoyo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Chofooka cha kaonedweka n'chakuti kamafuna kufotokozera zonse ndi phindu, pomwe mabuku a Cronjé amasonyeza mantha a kusakanikirana kwa magazi amene sankawerengera ndalama.

Pamene mantha ndi ulemu zalowa m'nkhani, pamafunika kaonedwe ka symbolic interactionism, dzina limene Herbert Blumer anapanga mu 1937 potsata George Herbert Mead, kamene kamati anthu amachita zinthu malinga ndi tanthauzo limene apatsana pa zizindikiro. Chiboliboli cha Paul Kruger, mtsogoleri wakale wa Mabunu, chinaikidwa pa Church Square mu 1954, ndipo mu Epulo 2015 anthu anachithira penti, ena n'kubwera kudzachiteteza, ngakhale mkuwa wake sunasinthe. Bwalo la Strijdom, lotchedwa dzina la nduna yaikulu imene amayi pafupifupi 20,000 anaipitira ku Union Buildings pa 9 Ogasiti 1956 kukakana mapasi, tsopano ndi Lilian Ngoyi Square, dzina la mmodzi wa atsogoleri a ulendowo, ndipo chiboliboli cha mutu wa Strijdom chinagwa chokha pa 31 Meyi 2001 denga la malo oimikapo magalimoto a pansi litagumuka. Khonsolo ya Tshwane, imene imayang'anira Pretoria, itasintha mayina a misewu mu 2012, Skinner n'kukhala Nana Sita, Vermeulen n'kukhala Madiba, Van der Walt n'kukhala Lilian Ngoyi, bungwe la AfriForum linakasuma, ndipo mbali ina ya mlanduwo inafika ku khoti la malamulo aakulu a dziko, limene linagamula mokomera khonsoloyo mu 2016. Ngakhale zili choncho, oyendetsa mateksi ndi okwera ambiri akupitirizabe kutchula Van der Walt, ndipo mlendo wa ku Mangochi wotsikira pa siteshoni ya Bosman, amene kwawo amati wapita ku Joni ngakhale Johannesburg anangodutsamo, amayamba waphunzira dzina lakalelo asanawerenge latsopano pa chikwangwani.